Funsani Azakhali: Landilodi wagulula chitseko, tigona bwanji?

Mwezi uno thumba la makalata lalemera, koma nditakhala pamkeka n'kuyamba kuwatsegula ndapeza kuti ambiri akulira maliro amodzi: lendi, ufa, ndi achibale amene adzaza pabalaza. Inu a nkhani za zibwenzi ndi apongozi ovuta mundipirire, tionana mwezi wamawa. Mayina ndachotsa monga mwa masiku onse, ndipo makalata aatali ndawadulako.

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mtandire m'nyumba ya chipinda ndi balaza ya K40,000 pamwezi. Kwa zaka zinayi ndinkagwira ntchito kubungwe lina, yolondola anthu amene asiya kubwera kudzatenga ma ARV. Kumapeto kwa Januwale 2025 tinalandira uthenga pafoni woti tisapite kuntchito chifukwa ndalama za ku America zaima. Patapita milungu ingapo anatipatsa makalata otichotsa, kontrakiti isanathe. Bambo a anawa anapita ku Joni mu 2021 ndipo nambala yawo siipezekanso. Ndinayamba geni ya mandasi koma mafuta ophikira adya mpamba. Pano ndili ndi ngongole ya lendi ya miyezi itatu. Loweruka lapitali landilodi anabwera ndi kalipentala n'kugulula chitseko, akuti adzabwezera ndikalipira. Usiku timatchinga pakhomo ndi tebulo ndi chitenje, kuzizira konseku, ndipo ine sindigona chifukwa mwana wanga woyamba ndi mtsikana wa zaka 14. Kodi lamulo limamulola? Nanga akatitulutsa, boma limasunga kuti anthu osowa pokhala?

Mayi wosowa tulo, Mtandire

Mayi mnzanga, tiyambe ndi chitsekocho, chifukwa mdima sudikira kuti tithe kaye kukamba za ku America.

Landilodi alibe mphamvu yogulula chitseko, kusasula malata kapena kukutayirani katundu panja. Lendi yosalipira ndi ngongole, ndipo ngongole ili ndi njira yake: mwini nyumba amakasuma kukhoti la majisitireti, khoti limamva mbali zonse ziwiri, ndipo likagamula kuti mutuluke, obwera ndi a sherifu, chikalata chili m'manja. Kalipentala wa Loweruka si sherifu. Ndalamazo mukuyenera kubweza, pamenepo sindikunamizani, koma ngongole siisandutsa mwini nyumba kukhala khoti.

Mawa m'mawa, musanakazinge n'komwe mandasi, jambulani pakhomopo ndi foni, mutenge neba mmodzi amene anaona chitseko chikuchoka, mupite kwa abuloko lida kapena kwa amfumu a m'dera lanu, akamuitanitse landilodiyo. Musapite ndi misozi yokha, mupite ndi nambala. Mukanene kuti, "Ngongole yanga ndi K120,000, ndizipereka mwakuti sabata iliyonse, chitseko chibwerere lero." Zimenezo zilembedwe papepala, nonse musayine, amfumu asayinenso. Nambalayo ikhale yoti mungaikwanitse ngakhale sabata imene mandasi abwerera m'beseni. Akakana, ulendo wa kupolisi, ndipo mukafunse ofesi ya Victim Support Unit. Pakauntala mwina akakuuzani kuti za lendi si za polisi. Musabwerere pomwepo. Mukanene mawu omwe mwandilembera inewa, akuti mtsikana wa zaka 14 akugona m'nyumba yopanda chitseko. Imeneyo ndi nkhani ya chitetezo cha mwana, ndipo lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 linaikidwa chifukwa cha ana ngati ameneyo. Zikafika pa chisamani, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi muno mu Lilongwe, ndipo ntchito yawo ndi kuimira anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Ndiye pali ndalama zimene mwina mwazisiya m'mbuyo osadziwa. M'kalata yanu simunatchule chimene anakupatsani pokuchotsani. Tulutsani kontrakiti ndi mapepala a malipiro. Munthu akachotsedwa ntchito chifukwa choti ndalama zatha, osati kuti walakwa, Employment Act imati apatsidwe notisi kapena malipiro m'malo mwa notisiyo, ndalama za masiku a tchuthi amene sanapume, komanso severance, yomwe ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka zisanu zoyambirira. Zaka zanu zinayi ndi masabata 8. Ngati ankakusayinitsani chaka ndi chaka, mutenge makontrakiti onse, a ku ofesi ya Leba akawerengere okha. Zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court. Funsaninso za penshoni. Ngati ankakudulani 5 peresenti mwezi ndi mwezi, abwana ankayenera kuikapo 10 peresenti yawo, ndipo lamulo la penshoni la 2023 limalola munthu amene watha miyezi itatu osapeza ntchito ina kutapako gawo la ndalamazo. Si chuma, koma zingamukhazike pansi landilodi kwa miyezi ingapo.

Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopatsa mabanja osauka ndalama, musaidikire. Inayambira ku Mchinji mu 2006, inafika m'maboma onse 28 mu 2018, koma inakonzedwera mabanja osaukitsitsa omwe mulibe munthu wotha kugwira ntchito, makamaka kumudzi, ndipo ndalama zake zambiri n'zochokera ku World Bank, Germany, EU ndi Ireland. M'tauni thandizo lotere limangowaza n'kusiya, ngati K35,000 ya pamwezi imene mabanja ena analandira kwa miyezi itatu mu 2021, nthawi ya Covid-19.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikhazika chete nthawi yaitali. Ndinagwira ntchito ya zosamalira anthu m'boma zaka 26 ndisanapume, ndipo m'zaka zonsezo sindinalembepo kalata yotumiza banja kunyumba ya boma yogonamo osowa pokhala. Mayi akafika ndi ana, mtolo wa ziwiya uli pamutu, funso lathu loyamba linali lakuti, "Muli ndi m'bale kuti?" Lachiwiri, "Kwanu n'kuti?" Tsiku labwino tinkasonkherana ya basi. Ntchito yake inali yomweyo, kumupezera m'bale woti amusenze.

Mlendo wina wochokera kunja anandiuzapo kuti Lilongwe ili ndi mwayi, ilibe anthu ambiri osowa pokhala, poti sanaone mahema m'mphepete mwa msewu ngati kwawo. Ndinangoseka. Alipo, kungoti amagona mobisika. Ali pansi pa tebulo pabalaza la alamu awo ku Chinsapo. Ali m'nyumba zosamaliza za ku Area 49, zopanda mawindo, momwe eni ake amawalola kukhala bola azilondera simenti ndi njerwa, ndipo tsiku lopaka penti ndi tsiku lawo losamuka. Ali m'kanyumba ka mlonda pageti, bambo kugona masana, mayi ndi ana kulowa usiku bwana asakudziwa. Ena amasakanikirana ndi odikirira odwala pachipatala, ena amagona kudepoti ngati akudikira basi ya m'mawa imene sakwera. Palibe kaundula amene amawalemba anthu amenewa, ndipo bajeti imapangidwa kuchokera m'makaundula.

Mzinda uno unakhala likulu mu 1975, ndipo oukonza anagawa mapuloti a anthu wamba m'madera ngati Area 25, munthu azimanga yekha pang'onopang'ono. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindamu, koma mapuloti otero sanaswane nawo limodzi. Nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964, n'zochepa ndipo si za wogulitsa mandasi. A UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala, anayerekezapo kuti anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse muno amakhala m'madera osakonzedwa ngati kwanu ku Mtandire, Mgona, Kauma ndi Chinsapo. Kumeneko womangira osauka nyumba ndi landilodi wa mdadada wa zipinda zisanu, amene nayenso akudya lendi yomweyo. Ndalama ya ku Washington itaima, Donald Trump atalamula pa 20 Januwale 2025 kuti thandizo la kunja liyambe laima, siinakukhudzeni inu nokha: inakhudzanso landilodi wanu, wa pakiyosiki ya madzi, ndi wodwala uja munkamulondola ku Mtsiliza, amene pano palibe womugogodera.

Ndiulule pano, poti ena a inu mumandidziwa: inenso ndine landilodi. Kuseri kwa nyumba yanga ku Kawale kuli zipinda ziwiri zimene malemu bambo anasiya, ndipo ndi zimene zimandigulira mayunitsi ndi mankhwala a BP. Mu 2012, kwacha itagwa mu Meyi muja, mlonda wina amene ankachita lendi chipinda chimodzi anafika miyezi inayi osalipira. Achimwene anga anandiuza kuti ndisasule lata limodzi pamwamba pa bedi, mvula yoyamba idzakambe naye. Ine ndinadziona wachifundo, ndinangogula loko n'kukhoma chitseko onse atachoka. Madzulo pochokera kuntchito ndinapeza kamtsikana kawo ka Sitandade 3 kali pa njerwa pakhomopo, yunifolomu ikadali m'thupi, kope lili pamwendo, kakuthamangitsa homuweki kusanade. Sikanalire, sikanapemphe kanthu. Kanangoti, "Mwaswera bwanji amayi," n'kupitiriza kulemba. Ine ameneyo, mayi wa zosamalira anthu, amene m'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditadzudzula bambo wina mu ofesi chifukwa chothamangitsa ana a malemu mchimwene wake. Loko uja ndinamutsegula manja akunjenjemera. Ndalama zanga zinabwera ndithu, pang'onopang'ono, mpaka Khirisimasi ya chaka chotsatira, ndipo zikanabwera chimodzimodzi popanda lokoyo. Ndiye landilodi wanuyo sindikumuona ngati chilombo, mwina nayenso fizi yamuthina. Koma walakwa, monga ndinalakwira ine, ndipo amfumu amuuze.

Zinthu ziwiri zokha ndikupemphani. Musalowe katapila kuti mutseke lendi. K120,000 ya lero idzakhala ikukuthamangitsani ndi Khirisimasi yomwe, mbaula ndi matiresi zitapita. Ndipo akabwera munthu wokoma pakamwa kuti amutenge mtsikana wanuyo akamusunge, azikathandiza zintchito ku Area 47 uku akuphunzira, muyankhe kuti mwamva, koma mwanayo agone pambali panu. Ndinatola ana ambiri amene ulendo wawo unayamba ndi mawu amenewo. Mukaona kuti K40,000 yakukulirani, yambani kufunsa chipinda chimodzi chotsikirako pano, mudakali ndi denga. Mundilemberenso za chitsekocho.

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wa kupulayimale, ndimachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 25. Ine, mkazi wanga ndi ana athu tilipo asanu, koma pano tikugona anthu 10. Anyamata awiri a mlongo wanga anabwera kuchokera ku Ntchisi chaka chatha atakolola matumba atatu okha, poti dzina la mayi awo linachotsedwa pa AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo. Mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, anabwera ndi khanda banja litatha. Mayi anga anabwera kudzaonana ndi madokotala kuchipatala cha Kamuzu Central ndipo akuyenera kumapitako mwezi ndi mwezi. Thumba la chimanga silikufika milungu itatu, malipiro akumatha pa 10. Mkazi wanga akuti anyamatawo azipita, ine ndikuti nanga mng'ono wakoyo. Tatha sabata osalankhulana. Kodi ndikawabweza kumudzi ndiye kuti ndine woipa mtima?

Malume othodwa, Area 25

Aphunzitsi, mayi a ku Mtandire aja afunsa kumene boma limasunga osowa pokhala. Ndikanatha kuwalozera kwanu. Nyumbayo ili ku Area 25, ili ndi zipinda ziwiri, ndipo ikuyendera malipiro a mphunzitsi.

Dzina la mlongo wanu silinachoke lokha. AIP itayamba mu 2020, mabanja oposa 3.5 miliyoni anagula thumba la feteleza pa K4,495. Pofika 2022 mtengo unali K15,000 ndipo olandira anatsika kufika 2.5 miliyoni, mu 2023 anali 1.5 miliyoni, mu 2024 kungopitirira 1 miliyoni pang'ono. M'zaka zomwezo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo feteleza, poti timagula kunja ndi madola, anapitirira K100,000 pa thumba m'mashopu. Pamwamba pake panagwa ng'amba ya El Niño ya 2024, imene inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Sindikuti AIP inali yoyera. Inkameza gawo lalikulu la ndalama za ulimi, mavenda ankagula zitupa za alimi, ndipo tonse tikukumbukira K750 miliyoni ya feteleza imene mu 2022 inalipiridwa kukampani ya ku UK yogulitsa nyama. Boma nalo linali litathinidwa: pa bajeti ya 2024/25, ya pafupifupi K6 thililiyoni, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi linali la chiwongoladzanja cha ngongole, osati kubweza ngongoleyo ayi, chiwongoladzanja chokha. Zonsezo ndikuzimva. Chimene ndimakana ndi mawu akuti ndalamazo zapulumutsidwa. Dzina likafufutidwa pakompyuta ku unduna, mwini dzinayo amamvabe njala, ndipo ana ake amakwera galimoto ya ku Lilongwe kubwera kwa malume. Bilu yangosamuka, yafika patebulo panu.

Tsono kubweza anyamatawo si kuipa mtima, bola mmene muwabwezere. Ndinu mwinimbumba, zoona, ndipo kwathu kuno mwana wa mlongo ndi wako. Koma umwinimbumba sunayambe wakhala wodyetsa anyamata a ndevu chaka chathunthu akusewera bawo ku Nsungwi. Khalani pansi ndi pensulo, muwerengere ufa, ndiwo, sopo ndi madzi zimene awiriwo akudya m'miyezi itatu. Mupeza kuti zikuposa thumba la feteleza. Ndiye muwauze tsiku lenileni, lisanafike Okutobala, loti akasose munda wa mayi awo, ndipo asapite chimanjamanja. Thumba limodzi likhoza kutambasuka akapanga manyowa a Mbeya, aja osakaniza feteleza wochepa ndi gaga, phulusa ndi ndowe n'kuvundikira milungu itatu. Alangizi a zaulimi amadziwa muyezo wake. Gawo lina la munda adzale soya, amene ku Ntchisi amachita bwino ndipo safuna feteleza wambiri ngati chimanga. Ndipo feteleza ameneyo musagule nokha. Muli ndi abale ena, ena ali pagulu la WhatsApp la banja akutumiza mavesi m'mawa uliwonse. Ikanipo nambala, aliyense anene zimene apereke. Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga la lendi.

Mayi anu asakhudzidwe, amenewo ali pa chithandizo. Mlamu wanu ndi khanda musamuike pa sikelo imodzi ndi anyamata a mphamvu zawo, koma nayenso akhale ndi njira: bambo wa mwanayo akhoza kusumiridwa kukhoti kuti azipereka chithandizo, ndipo iye mwini ayambe kageni pakhomopo. Za "abale ako, abale anga" zisiyeni lero. Akazi anu ndi amene amaona pansi pa chidebe cha ufa, ndi amene amagawa nsima n'kudzipatsa yotsalira. Muyambe ndinu kulankhula, ndipo muyambe ndi kuwathokoza.

Azakhali,

Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Malangalanga. M'mawa uliwonse ndimapeza makatoni, phulusa ndi mikodzo pakhonde, ana amasikini agonapo. Sabata yatha anatsomphola foni ya kasitomala wanga pafupi ndi mlatho. Mkazi wanga amawapatsa ndalama, ine ndimati akuwazoloweza. Bwanji apolisi osangowasesa onse ngati kale lija la vakabu?

Wamalonda, Old Town

Bambo, wotsomphola foni ndi wakuba, kaya ali ndi zaka 12 kaya 40, ndipo kasitomala wanu akadandaule kupolisi. Makhoti a ana alipo. Sindikuti onse ndi angelo. Ena amanunkhiza guluu, ena amatumidwa ndi akuluakulu amene amaima patali n'kumalandira za tsikulo. Koma vakabu imene mukuisowayo inagwa kukhoti. Mu Januwale 2017 High Court ku Blantyre inagamula kuti ndime 184(1)(c) ya Penal Code, imene tinatengera kwa atsamunda, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Wosuma anali Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukachita geni yake. Lamulo lija linkagwira anthu otero, olawirira ndi osavala bwino, pamene mbava ya suti inkadutsa pagalimoto.

Kusesa kumachitikabe apo ndi apo, ndipo ndinakwerapo magalimoto otero. Ana kutengedwa Lolemba, ife kulemba mayina, ena kuwaperekeza kwawo. Pofika Lachisanu mwawapeza pamalo pomwe paja. Kubweza mwana kwawo si kumutsitsa pakhomo n'kutembenuza galimoto. Pamafunika kubwererako sabata yotsatira, kukamba ndi bambo womupeza amene anamuthamangitsa, kukaonana ndi ahedi kuti amulandirenso, kuona ngati pakhomopo pakufuka utsi. Zonsezo ndi mafuta a njinga yamoto, ndipo apa ndi pamene kudula bajeti kumalumira. Boma likapanikizika silingasiye kulipira malipiro, a ngongole nawo salola kudikira, ndiye mpeni umagwera pa ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zimene m'maofesi timati ORT: mafuta, mapepala, mayunitsi, chakudya cha ana osungidwa. Ofesi imakhala yotsegula, wogwira ntchito ali pampando, koma njinga yaima pakhonde mwezi wachitatu matayala ataphwa, ndipo aliyense wobwera amamva nyimbo imodzi, "funding sinabwere". Ndinaziona kwambiri Cashgate, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ija, itaphulika mu 2013, pamene mayiko otithandiza anaimitsa ndalama zimene ankathira mu bajeti. Oba anali m'maofesi apamwamba, koma njinga imene inaima inali yathu. Mu Novembala 2023 Pulezidenti Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo a kunja n'kudula theka la mafuta a nduna, ndipo anachita bwino, kungoti nduna yodulidwa theka imafikabe kuntchito, pamene ofesi ya malita ochepa pamwezi ikadulidwa theka ndiye kuti ana a mbali ina ya boma lonse sayenderedwa.

Mwezi watha ndikuchokera kogula juzi ku Tsoka, kamnyamata ka zaka ngati 10 kanandigwira jumbo kuti kandinyamulire mpaka kudepoti. Kanavala jekete la munthu wamkulu, manja ake opinda katatu, ndi patapata za mitundu iwiri. Ndinakagulira tchipisi pachiwaya. Kanadya theka, theka linalo kanakulunga bwinobwino m'pepala n'kulowetsa m'thumba la jekete. Nditafunsa kuti n'za ndani, kanati, "Za mng'ono wanga, ali ndi agogo ku Chinsapo." Kamapita kunyumba tsiku limene kapeza ya kawokumani ka ufa. Tsiku limene sikanapeze kamaopa kukafika chimanjamanja, ndiye kamagona pakhonde la shopu, n'kupatsa mlonda kenakake kuti akalole pafupi ndi moto. Mwina khonde lake ndi lanu. Ana ambiri amene ndinakumana nawo pantchito anali otero, kwawo kulipo, koma pamafuwa pazizira.

K500 ya akazi anu si imene inawabweretsa m'tauni, ndipo kuwamana sikungawabweze kwawo. Ine ndimakonda kugula chakudya kusiyana ndi kupereka ndalama, chifukwa chakudya sichikafika kwa wamkulu woima patali uja. Za pakhondepo kambani ndi mlonda wanu, amawadziwa onse ndi mayina omwe; awauze kuti ogona pamenepo azichotsa makatoni ndi kusesa asanachoke, ndipo zambiri amamvera. Chimene mungathandize kwenikweni ndi kuyang'ana nkhope zatsopano. Mwana amene wangofika sabata ino, zovala zikadali zoyera, akuoneka wamantha, ndi amene angabwezeke mosavuta asanazolowere. Imbani 116, nambala yaulere ya ana, kapena mudziwitse a Tikondane kapena a Chisomo Children's Club, amene amagwira ntchito ndi ana amenewa muno mumzinda.

Azakhali,

Mumawanyengerera kwambiri anthuwa. Ine ndinabwera mu Lilongwe ndi kachikwama kamodzi mu 1998, lero ndili ndi maminibasi atatu. Umphawi wa anthu ambiri ndi ulesi basi, boma lisamawalere.

Wodzidalira, Area 36

Achimwene, ndakondwa nanu pa maminibasi atatuwo, ndipo aulesi alipo ndithu, wina ndi mdzukulu wanga amene amadzuka tiyi atazizira. Koma kalata yanu sinanene kuti usiku woyamba wa 1998 munagona kwa yani, anakusungani miyezi ingati, ndiponso ngati munthu ameneyo lero angakwanitse kusunga wina. Tsiku lina musadikire madalaivala kuti abweretse ndalama madzulo. Mudzuke 4 koloko m'mamawa, mukaime pamsewu wa ku Likuni pamene anthu a ku Chinsapo amatsikira kulowa m'tauni. Muwerenge amayi osenza mabeseni a masamba, anyamata okankha njinga za makala kuchokera ku Dzalanyama, a ganyu onyamula makasu ndi mafosholo, onse ali wapansi chifukwa mtengo wa minibasi ndi ndiwo za tsikulo. Mukawerenga mundilembere nambala yake. Muvale juzi, kukuzizira.